KODI MWANA WOPHUNZIRA CHIFALANSA ADZADYA CHIYANI?

Wolemba Mlangizi wa Zaulimi

Chaka ndi chaka, maina a ana osankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede akatuluka, m'midzi yambiri mumamveka nthungululu. Mwana akasankhidwa kukaphunzira udokotala, malamulo kapena ulimi, makolo safunsa zambiri, pakuti ntchito zimenezi aliyense amazidziwa. Koma mwana akafika nanena kuti, "Bambo, ine ndifuna ndikaphunzire Chifalansa," m'nyumba monse mumangoti zii. Bambo amayamba kuwerenga chamumtima mbuzi zimene adagulitsa ndi matumba a mtedza amene adapita ku fizi ya ku sekondale, ndipo pamapeto pake amafunsa kuti, "Mwanawe, Chifalansacho tidzadya? Nanga kwathu kuno udzalankhula ndi yani?"

Funso limeneli ndi lanzeru, ndipo kholo lofunsa chotere lisanyozedwe. Ndalama za sukulu sizitoledwa pansi, zimachokera m'khasu. Mlimi wochenjera sagula mbewu yachilendo asanafunse kuti imacha pa masiku angati, imafuna nthaka yotani, ndiponso msika wake uli kuti. Tsono m'nkhani ino tifunse mafunso omwewo pa za Chifalansa, kuti kholo ndi mwana akakhala pansi kukambirana, akambe zinthu zimene akuzidziwa. Paja safunsa adadya phula.

OLANKHULA CHIFALANSA ALI KUTI?

Ambiri amayesa kuti Chifalansa ndi cha Azungu a ku France okha, kutsidya kwa nyanja. Kumeneko ndiko chidachokera ndithu, ndipo chimalankhulidwanso ku Belgium, ku Switzerland ndi ku Canada, makamaka m'chigawo cha Quebec. Koma tamverani ichi: bungwe la maiko olankhula Chifalansa lotchedwa Francophonie, limene lidayambira mu mzinda wa Niamey ku Niger mu 1970, lidalengeza mu 2022 kuti anthu odziwa chilankhulochi pa dziko lonse adakwana 321 miliyoni, ndi kuti mwa anthu amene amachilankhula tsiku ndi tsiku, oposa theka ali muno mu Africa.

Zimenezi zidachokera m'nthawi ya atsamunda. Monga ife tidalandira Chingerezi kwa Angerezi, ndi anzathu a ku Mozambique Chipwitikizi kwa Apwitikizi, maiko ambiri a kuzambwe ndi pakati pa Africa adalandira Chifalansa kwa Afalansa ndi anthu a ku Belgium. Ena mwa maikowa ndi Senegal, Côte d'Ivoire, Guinea, Benin, Togo, Cameroon, Gabon ndi Chad.

Ndipo musayese kuti onsewa ali kutali. Dziko la Democratic Republic of Congo, limene lili ndi anthu oposa 100 miliyoni, lachita malire ndi Zambia, ndipo Boma lake, makhoti ake ndi masukulu ake amayendetsedwa m'Chifalansa. Munthu wochoka ku Mchinji, napyola Chipata ndi Lusaka, nakwera cha ku Ndola ndi Kitwe, amafika pa chipata cha Kasumbalesa, ndipo kuchoka apo kukafika mu mzinda wa Lubumbashi ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 okha. Kumpoto kuli Burundi ndi Rwanda. Kuvuma, kuseri kwa Mozambique, kuli zilumba za Madagascar, Comoros, Mauritius ndi Seychelles. Konseko Chifalansa chimagwira ntchito. Kotero ife tili ngati munthu amene ali ndi anansi kuseri kwa phiri, koma sapatsana nawo moto chifukwa samvana chinenero.

ZA AFALANSA ZIMENE TILI NAZO KALE M'MUDZI

Ngakhale m'midzi mwathu muli zinthu zochokera kwa olankhula Chifalansa zimene tidazolowera osadziwa gwero lake. Pogulitsa chimanga timayeza pa makilogalamu, mafuta timagula pa malita, ndipo munda timauwerenga pa mahekitala. Miyeso yonseyi idakhazikitsidwa ku France mu 1795, ndipo pang'onopang'ono idafalikira pa dziko lonse. Katemera wa chiwewe adayamba ndi Louis Pasteur, amene adapulumutsa naye mwana wolumidwa ndi galu mu 1885. Kachipsera ka pamkono kamene ambiri tili nako ndi ka katemera wa chifuwa chachikulu wotchedwa BCG, amene adakonzedwa ndi Albert Calmette ndi Camille Guérin, nayamba kuperekedwa kwa ana mu 1921. Zilembo zimene anzathu osaona amawerenga ndi zala zidapangidwa ndi Louis Braille, Mfalansa amenenso adali wosaona.

Akuluakulu amene adalandirapo makalata ochokera ku Joni kapena ku Harare akumbukira mawu awiri amene ankalembedwa pa envulopu za pandege, akuti "Par avion". Amenewo ndi mawu a Chifalansa otanthauza "pa ndege". Ankalembedwa chotero chifukwa bungwe loyang'anira mapositi ofesi a dziko lonse, limene likulu lake lili ku Bern, lidasankha Chifalansa kukhala chilankhulo chake.

Olankhula Chifalansa adafikanso m'dziko muno kalekale. Ansembe a Montfort amene adamanga mishoni ya Nzama ku Ntcheu mu 1901 adachokera ku France, ndipo a White Fathers adatsegula Mua mu 1902. Bambo Claude Boucher, amene anthu adawatcha Achisale, adachokera ku Canada kwa olankhula Chifalansa, ndipo mu 1976 adayambitsa malo a Kungoni ku Mua komweko, kumene kwasungidwa mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Anthuwa adavutika kuphunzira chilankhulo chathu kufikira adachidziwa. Nanga ana athu angalephere bwanji kudziwa chawo?

KODI KU YUNIVESITE AMAPHUNZIRA ZOTANI?

Muno m'Malawi Chifalansa chimaphunzitsidwa m'masukulu ena a sekondale, ndipo chimalembedwa pa mayeso a MSCE. Amene afuna kupitiriza nacho amachipeza ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, imene kale tinkaidziwa ndi dzina lakuti Chancellor College, ndiponso ku Yunivesite ya Mzuzu. Anzathu a ku Zambia amachiphunzira ku Yunivesite ya Zambia ku Lusaka. Maphunziro a digiri amatenga zaka zinayi. Poyamba mwana amaphunzira maphunziro angapo pamodzi, ndipo m'zaka zomaliza amasankha limodzi kukhala mzati wa digiri yake. Tikamati mwana "akuphunzira Chifalansa" tikunena kuti wachisankha kukhala mzatiwo.

Choyamba amaphunzira chilankhulo chenichenicho: kumva, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba. Pamenepa pali zovuta, ndipo tisabise. Mfalansa salankhula monga alembera. Mawu akuti "madzi" amalembedwa ndi zilembo zitatu, "eau", koma amangotchulidwa kuti "o". Mawu akuti "kwambiri" amalembedwa "beaucoup", koma pakamwa amamveka ngati "boku". Palinso mawu otulukira m'mphuno, ndipo kusiyanitsa "l" ndi "r", kumene ife m'Chichewa sitisamala kwenikweni, kumeneko kumasintha tanthauzo la mawu.

Koma palinso zina zimene mwana wa Mchewa amazimva msanga kuposa Mngerezi. Ife timati "iwe" kwa mwana kapena mnzathu, ndi "inu" kwa wamkulu kapena kwa anthu ambiri. Mfalansa amachita chimodzimodzi: amati "tu" kwa mnzake, ndi "vous" kwa wamkulu kapena kwa gulu. Chingerezi chilibe ulemu wotere. Ndiponso monga ife timati "munthu wabwino" koma "chinthu chabwino", mawu kusintha motsata dzina, Chifalansa chimagawa maina onse pawiri, aamuna ndi aakazi, ndipo mawu ofotokoza amatsata dzinalo. Ngakhale pa kuwerenga timafanana pang'ono. Ife timati "zisanu ndi ziwiri", kuphatikiza manambala. Mfalansa naye pofuna kunena 80 amati "quatre-vingts", ndiko kuti makumi awiri kanayi.

Chachiwiri amawerenga mabuku. Ena ndi a ku France, monga a Molière ndi Victor Hugo, koma ambiri ndi a Aafirika anzathu. Camara Laye wa ku Guinea adalemba "L'Enfant noir" mu 1953, nkhani ya ubwana wake monga mwana wa mmisiri wosula. Ferdinand Oyono wa ku Cameroon adalemba "Une vie de boy" mu 1956, za mnyamata wogwira ntchito m'nyumba ya mtsamunda. Mayi Mariama Bâ a ku Senegal adalemba "Une si longue lettre" mu 1979, za mavuto a mkazi wa pamitala. Léopold Sédar Senghor, amene adakhala mtsogoleri woyamba wa Senegal mu 1960, adali mlakatuli wotchuka. Ndipo mu 2021 mnyamata wa ku Senegal, Mohamed Mbougar Sarr, adalandira mphotho ya Goncourt, imene ili yaikulu koposa mphotho zonse za mabuku ku France. Mwana wowerenga mabuku otere amazindikira kuti za chilala, za ufumu, za maukwati ndi za kusamvana kwa ana ndi makolo zili konsekonse mu Africa.

Chachitatu amaphunzira kumasulira, kuchoka m'Chifalansa kupita m'Chingerezi ndi kubwereranso. Iyi ndi ntchito yofuna kudekha, pakuti womasulira akalakwitsa liwu limodzi m'kalata ya pangano, anthu angataye chuma chambiri. Chachinayi amaphunzira mbiri ndi chikhalidwe cha maiko olankhula chinenerochi, chifukwa kudziwa mawu kopanda kudziwa mwambo wa eni ake kuli ngati kulowa m'mudzi osadzera kwa mfumu.

Kuwonjezera pa digiri, pali mayeso ena amene amaperekedwa ndi Unduna wa Maphunziro wa ku France, otchedwa DELF ndi DALF. Ali ndi makwerero 6, kuyambira A1 mpaka C2, ndipo satifiketi yake siitha mphamvu moyo wonse. Mayunivesite ambiri a ku France amafuna kuti wobwera kudzaphunzira m'Chifalansa akhale atafika pa B2. Mwana wanzeru amalemba mayeso amenewa, pakuti ndiwo mboni yake kunja kwa dziko.

NTCHITO ZAKE NDI ZITI?

Tsopano tifike pa funso la bambo lija. Ntchito yoyamba, ndiponso yopezeka msanga, ndi uphunzitsi. Masukulu ambiri a sekondale saphunzitsa Chifalansa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi kusowa kwa aphunzitsi. Masukulu oyima paokha a m'mizinda nawonso amafuna aphunzitsi otere. Mwana amene watenga Chifalansa pamodzi ndi maphunziro a uphunzitsi ali ndi khasu m'manja.

Yachiwiri ndi kumasulira. Dziko lathu lili m'bungwe la SADC, la maiko 16, limene likulu lake lili ku Gaborone. M'bungwemo muli Congo, Madagascar, Mauritius, Seychelles ndi Comoros, ndipo Chifalansa ndi chimodzi mwa zilankhulo zake zogwirira ntchito, pamodzi ndi Chingerezi, Chipwitikizi ndi Chiswahili. Tilinso m'bungwe la zamalonda la COMESA, la maiko 21, limene lidakhazikitsidwa mu 1994, ndipo likulu lake lili ku Lusaka. Mlembi wamkulu woyamba wa bungweli adali Bingu wa Mutharika. Pa msonkhano uliwonse wa mabungwewa pamakhala anthu okhala m'tizipinda tagalasi kumbuyo kwa holo, kumamva zimene nduna ikulankhula ndi kumazitembenuza nthawi yomweyo, ndipo kalata iliyonse yotuluka pamenepo iyenera kumasuliridwa. Chimodzimodzinso ku African Union ku Addis Ababa.

Bungwe la United Nations lili ndi zilankhulo 6, koma m'maofesi a likulu lake ntchito ya tsiku ndi tsiku imayendera ziwiri, Chingerezi ndi Chifalansa. Khoti lalikulu loweruza milandu ya pakati pa maiko ku The Hague limagwiritsanso ntchito ziwiri zomwezo. Mzinda wa Geneva, kumene kuli likulu la bungwe la zaumoyo la WHO ndi la Red Cross, ndi wa olankhula Chifalansa. Banki ya African Development Bank, imene yathandizapo pa misewu ndi ulimi wothirira m'dziko muno, ili ku Abidjan. Mwana wa kuno Chingerezi ali nacho kale. Akawonjezera Chifalansa, ndiye kuti wanyamula makiyi onse awiri.

Ndipo sikuti ntchito zonse zili kunja. Ku Dzaleka m'boma la Dowa kuli msasa wa anthu othawa nkhondo umene udatsegulidwa mu 1994, ndipo muli anthu oposa 50,000, ambiri a iwo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Anthuwa akamafotokoza nkhani zawo kwa akuluakulu a Boma, kuchipatala kapena kukhoti, pamafunika womasulira wokhulupirika. Bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières, limene lidayambira ku France mu 1971, lidayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo ku Chiradzulu mu 2001. Asilikali athu adatumizidwa kukasungitsa mtendere ku Côte d'Ivoire mu 2011, ndi ku Congo mu 2013, ndipo msilikali kapena wapolisi wodziwa chilankhulo cha kumaloko amakhala maso ndi makutu a anzake. Palinso maofesi a akazembe, ndi mahotela a kunyanja, ku Liwonde ndi ku Mulanje, kumene kumafika alendo ochokera ku France, Belgium ndi Switzerland.

MALONDA

Ife alimi nkhani ya msika imatikhudza koposa. Chigawo cha Katanga ku Congo ndi cha migodi ya kopa ndi kobalti. Anthu kumeneko ndi ochuluka ndipo ndalama zimayenda, koma chakudya chimene amalima sichiwakwanira. Chifukwa chake tsiku ndi tsiku malole odzaza ufa, nkhuku, mazira ndi nsomba amaima mzere pa Kasumbalesa kudikira kulowa. Pamsika wa ku Lubumbashi anthu amalankhula Chiswahili, koma makalata a kasitomu, ziphaso ndi mapangano a malonda zimalembedwa m'Chifalansa. Wamalonda wosadziwa kuwerenga makalatawa amasaina zimene sakuzidziwa, ndipo phindu lake limathera m'manja mwa anthu apakati.

Taganizani za kalabu kapena kopaletivu ya alimi a mpunga wa kilombero, nyemba kapena soya, imene ili ndi mwana wa m'mudzi momwemo wodziwa kulemba kalata ya malonda m'Chifalansa, kuwerenga pangano ndi kukambirana mtengo pa lamya. Mwana wotere amadziwanso tinthu ting'onoting'ono timene timapulumutsa ndalama. Mwachitsanzo, pa 70 ndi 90 anthu a ku Congo amatsata a ku Belgium, amati "septante" ndi "nonante", pamene a ku France amati "soixante-dix" ndi "quatre-vingt-dix". Wosazindikira zimenezi angasokonezeke pa mtengo wa thumba.

NZERU ZA ULIMI ZOCHOKERA KWA ANZATHU

Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Njira zina zimene ife alangizi timaphunzitsa lero zidachokera ku maiko olankhula Chifalansa. Alimi a m'masikimu a mpunga amva za njira yowokera mbande zikali zanthete, za masiku osapitirira 15, imodziimodzi paphando, motalikirana masentimita 25, ndi kusasiya madzi ali chikhalire m'munda. Njira imeneyi idatulukira ku Madagascar mu 1983, ndipo adaiyambitsa ndi Henri de Laulanié, wansembe wa ku France amene adali katswiri wa zaulimi. Zolemba zake zidali m'Chifalansa, ndipo padapita zaka zambiri njirayi isanadziwike ku maiko ena.

Ku Burkina Faso kudali mlimi dzina lake Yacouba Sawadogo, amene adamwalira mu 2023. Iye adatsitsimutsa njira ya makolo yotchedwa "zaï", yokumba maenje m'nthaka youma gwa m'chilimwe, kuthiramo manyowa, ndi kubzala mmenemo mvula ikagwa. Maenjewo amasunga madzi, ndipo chiswe chobwera kudzadya manyowa chimaboola nthaka kuti madzi alowe. Ndi khasu lokha mkuluyu adabweza nkhalango pamalo pamene padali poguga, ndipo mu 2018 adalandira mphotho ya Right Livelihood. Ku Niger, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, alimi a ku Maradi adaleka kuzula zitsa m'minda nayamba kusamala mphukira zake, ndipo mitengo idabwerera pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Mtengo umene amaukonda koposa amautcha "gao". Umenewu ndi nsangu wathu yemweyu wa ku Salima ndi kunyanja, amene amayoyola masamba nthawi ya dzinja nasiya chimanga chikukondwa pansi pake.

Alimi amenewa kumudzi amalankhula zinenero za makolo awo monga ife, koma malipoti a ntchito yawo, misonkhano ya akatswiri ndi maphunziro a alangizi kumeneko zimachitika m'Chifalansa. Bungwe lofufuza za mpunga la AfricaRice lili ku Côte d'Ivoire, ndipo kumeneko ndi kumene Monty Jones wa ku Sierra Leone adapanga mpunga wa NERICA m'zaka za m'ma 1990. Ku Montpellier ku France kuli malo aakulu a kafukufuku a bungwe la CIRAD, lofufuza mbewu za maiko otentha monga thonje, khofi, nzimbe ndi nthochi. Bungwe loona za matenda a ziweto pa dziko lonse lidakhazikitsidwa ku Paris mu 1924. Mwana wathu wodziwa Chifalansa angakatenge nzeru kumeneko zikali zatsopano, osadikira kuti wina azimasulire patapita zaka khumi. Angathenso kukawauza iwo zimene ife tikudziwa, pakuti nafenso tili nazo zophunzitsa ena.

ZOYENERA KUCHENJERA NAZO

Walira mvula walira matope. Tikadangonena zabwino zokhazokha tikadakhala ngati wogulitsa mbewu wobisa kuti mbewu yake imafumbwa. Choyamba, digiri payokha siibereka ntchito. Achinyamata ambiri m'dziko muno ali ndi madigiri koma akuyendabe ndi maenvulopu m'maofesi. Ntchito za m'mabungwe akuluakulu zija ndi zochepa, ndipo opikisana nawo ndi ana a ku Cameroon, Rwanda ndi Mauritius amene adakula ndi zilankhulo zonse ziwiri. Womasulira wa pamisonkhano amafunikanso maphunziro ena apadera atatha digiri yoyamba.

Chifukwa chake Chifalansa chisabzalidwe chokha. Mlimi amabzala chimanga pamodzi ndi nandolo kapena nyemba kuti china chikakanika, china chimupulumutse, ndiponso kuti nthaka ipindule. Momwemonso mwana aphatikize Chifalansa ndi luso lina: uphunzitsi, utolankhani, zamalonda, malamulo, zokopa alendo kapena kompyuta. Wolemba ntchito amafunsa kaye chimene munthu amatha kuchita, ndipo chilankhulo chimabwera kudzamukweza pamwamba pa anzake.

Chachiwiri, chilankhulo chimachita dzimbiri ngati khasu losiyidwa pamvula. Alipo ena amene adakhoza mayeso onse koma akakumana ndi munthu wa ku Congo pamsika amangoti kakasi. Chinenero chimakhala pa lilime, ndipo wochita manyazi kulakwitsa sadzachidziwa.

Chachitatu, zinthu zikusintha. Dziko la Rwanda lidasiya kuphunzitsa ana m'Chifalansa mu 2008 nkuyamba Chingerezi. Mali mu 2023, Burkina Faso mu 2024 ndi Niger mu 2025 adachitsitsa pa mpando wa chilankhulo cha Boma kuti akweze zinenero za makolo awo, ngakhale adachisunga monga chogwirira ntchito. Ichi chitiphunzitse kuti mwana wophunzira Chifalansa asanyoze Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena cha kwawo. Womasulira wabwino ndi amene wayamba wadziwa bwino chinenero cha amake. Tisaiwalenso kuti Chipwitikizi ndi Chiswahili zili pakhomo pathu penipeni, ndipo wodziwa Chifalansa savutika kwambiri kuphunzira Chipwitikizi, pakuti ziwirizi ndi za mbumba imodzi, zonse zidachokera ku Chilatini.

Chachinayi, chenjerani ndi akamberembere. Dziko la Canada kuyambira mu 2023 lidatsegula njira yapadera yolandirira anthu odziwa Chifalansa, ndipo nkhani zotere zikamveka, pamabuka anthu olonjeza ntchito ndi sukulu za kunja pofuna ndalama. Musagulitse ng'ombe kapena munda chifukwa cha uthenga wa pa foni. Nkhani za maphunziro a kunja zifunsidwe ku yunivesite, ku Unduna wa Maphunziro kapena ku ofesi ya kazembe wa dzikolo.

MAWU KWA ANA NDI KWA MAKOLO

Inu ana a sukulu, m'mera mpoyamba. Ngati pasukulu panu pali mphunzitsi wa Chifalansa, musachithawe chifukwa anzanu akuti n'chovuta. Limbikiraninso Chingerezi, pakuti polowa ku yunivesite pamafunika makirediti 6 pa MSCE ndipo Chingerezi chiyenera kukhalapo. Podzaza mafomu a bungwe la NCHE, werengani bwino zimene phunziro lililonse likufuna, ndipo funsani aphunzitsi anu musanasankhe. Amene makolo awo ndi osowa adziwe kuti pali bungwe la Boma, lokhazikitsidwa mu 2015, lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede. Koma ngongole ndi ngongole, idzabwezedwa. Amene ali ndi foni ya intaneti angamvere wailesi ya RFI, imene imaulutsa nkhani m'Chifalansa chosavuta chifukwa cha ophunzira. Mukakumana ndi munthu wa ku Congo kapena ku Burundi, mupatseni moni m'chilankhulocho, ndipo akakukonzani musakwiye. Mawu khumi pa tsiku ndi mawu 3,650 pa chaka. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha.

Inu makolo, mwana akabwera ndi nkhani imeneyi musamukalipire, ndiponso musangovomera. Mukhazikeni pansi ndi kumufunsa mafunso atatu. Kodi phunziroli ukulikonda ndi mtima wako, kapena wangotsata anzako? Udzaliphatikiza ndi luso lanji? Ukamaliza zaka zinayi, khomo loyamba limene udzagogode ndi liti? Mwana amene wayankha bwino mafunso amenewa mulekeni apite, kaya ndi wamwamuna kaya ndi wamkazi, pakuti lilime silisankha. Amene walephera kuyankha mutumeni akafunse kwa aphunzitsi ake, abwerenso mudzakambirane.

Ndipo inu mafumu ndi a makomiti a sukulu, ngati pa sekondale ya m'dera lanu palibe mphunzitsi wa Chifalansa, nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, ndipo pempho lipite kwa akuluakulu a maphunziro. Ana a m'tauni akuphunzira chilankhulochi. Ana a kumudzi nawonso ali ndi mitu yomweyo. Makolo athu ankayenda pansi mpaka ku Joni ndi ku Kabwe, naphunzira zinenero za kumigodi popanda buku kapena mphunzitsi, kuti abweretse njinga ndi malata kumudzi. Adzukulu awo ali ndi mabuku, aphunzitsi ndi wailesi. Tiwathandize kuti apite kumene agogo awo sadafike, ndi kubwera nazo kumudzi zimene akapeze kumeneko.